Liwu Limene Ankakuwa Mayi Turid

Chibwerereni kuno kumudzi, aliyense wofuna nkhani za ku Canada amayambira pa chisanu. Amafuna ndiwauze ngati n'zoona kuti mamina amauma m'mphuno munthu akuyenda. Ndimawayankha, tonse n'kuseka. Koma chisanu umangochivalira jekete. Ine chimene chinandiondetsa kumeneko, mpaka siketi kumazungulira m'chiuno, linali liwu limodzi la chinenero chimene ndisanapite sindinkadziwa n'komwe kuti chiliko.

Ndinachoka mwana wanga Chisomo mano akutsogolo atangoguluka kumene. Ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga ku Ntcheu. Pabwalo la ndege sanalire, anangogwira nsonga ya chitenje changa mpaka achemwali anachita kumumasula chala chimodzichimodzi. Ndinali nditagwirapo ntchito yosamalira odwala pachipatala china cha mishoni, ndiye kampani ina ya ku Toronto yotumiza anthu m'makomo mwa okalamba inandipezera mapepala. Mapepalawo ankanena kuti ndigwire ntchito ku kampani imeneyo basi. Ndinali mbuzi ya pachikhomo, kudya kwanga kunali pamene chingwe chafika. Kampaniyo ikanangoti yatopa nane, unali ulendo wobwerera kumudzi chimanjamanja.

Tinkakhala ku Brampton, m'besimenti, kunsi kwa nyumba ya eni ake, akazi anayi. Kawindo kathu kanali m'mwamba pafupi ndi denga, moti tikasuzumira tinkangoona matayala a galimoto ndi nsapato za anthu odutsa. Chipinda ndinkagawana ndi amake Taonga, a ku Chipata, amene ankatsuka ndege ku eyapoti. Anali mayi waphokoso, wosaopa munthu. Ndi iwowo amene anandiphunzitsa kusintha mabasi, kuvala masokosi awiriawiri, komanso kusayang'ana pansi polankhula ndi mzungu, poti kumeneko woyang'ana pansi amamuyesa wabodza.

Nyumba imene kampani inanditumako inali ku Etobicoke, mumsewu wa mitengo ikuluikulu, m'mwamba mukudutsa ndege tsiku lonse. Eni ake anali Mayi Turid, nkhalamba yaitali, yowongoka ngati bango, zaka zitayandikira makumi asanu ndi anayi. Anabadwira ku Norway, n'kubwera ku Canada atangokwatiwa kumene, ndipo moyo wawo wonse anaphunzitsa ana a sukulu ya mkaka. Amuna awo anali atamwalira. Mwana anali naye mmodzi, Bambo Paul, munthu wa imvi kale, wogwira ntchito muofesi ku Mississauga. Ankandiuza kuti ndiziwatchula Paul basi, koma lilime langa linkakana.

Chaka choyamba ndinkagwira ntchito ndikuimba. Mayi Turid ankayenda okha ndi ndodo, ankandicheza m'Chingerezi, ankandidyetsa tchizi cha kwawo, chofiirira ndiponso chotsekemera ngati tofi, n'kumaseka nkhope imene ndinkapanga. Malipiro akalowa ndinkatumiza kwa achemwali, iwo n'kumanditumizira zithunzi za njerwa, kenako za malata.

Ndiyeno mayi aja anachita sitiroko. Atatuluka m'chipatala, dzanja lamanja linali lakufa, pakamwa patapotokera mbali imodzi, ndipo Chingerezi chonse chinali chitachoka m'mutu mwawo. Chimene chinatsala chinali chinenero cha ubwana wawo, Chinorowe. Bambo Paul sankachidziwa. Makolo awo anawalera m'Chingerezi chokhachokha poopa kuti anzawo aziwaseka kusukulu. Zinandikumbutsa ana a Amalawi anzathu amene tinkakumana nawo kutchalitchi, amene ukawapatsa moni amakuyang'ana mwaulemu n'kuyankha m'Chingerezi. M'nyumba muja tinatsala anthu awiri akumva, koma palibe ankamva zimene eni nyumba ankalankhula.

Nesi wobwera kudzawaona anasiya malangizo. Anati mutu wawo ukufunika kupuma, choncho madzulo aliwonse akamwa tiyi ndiziwagoneka, nditseke makatani, ndizimitse getsi, nditseke chitseko, agone pang'ono chisanafike chakudya chamadzulo. Inali nyengo ija masamba atathothoka onse, pamene dzuwa limalowa anthu asanaweruke n'komwe.

Tsiku loyamba ndinachita monga anandiuzira. Ndisanafike n'komwe kukhitchini ndinamva kukuwa. Sikunali kulira kwa munthu womva kupweteka, kumene ndinakuzolowera kuchipatala. Kunali kukuwa kwa munthu amene waona chinthu. Ndinathamanga, n'kuyatsa getsi. Ndinawapeza akumenyetsa mkono wamanzere pachitsulo cha bedi, maso ali tong'o, akubwereza liwu limodzi lomwelo. M'makutu mwanga linkamveka ngati *mokeredi, mokeredi*. Nditawayandikira anandigwira malaya mwamphamvu imene sindinkadziwa kuti ali nayo, n'kumandikuwira liwulo kumaso. Panatenga nthawi yaitali kuti thupi lawo lisiye kunjenjemera.

Ndinamuuza nesi. Anati odwala otere amasokonezeka dzuwa likamalowa, ndisasinthe kanthu, azolowera. Sanazolowere. Ndipo sikunali pogona pokha. Ndikamawaveka juzi, mutu ukangolowa m'kati, liwu lija. Ndikamawapukuta tsitsi ndi thaulo posamba, liwu lija. Ndinayamba kuganiza kuti akudana ndi manja anga.

Loweruka lina Bambo Paul anabwera ndi zogula ndili m'kati mowaveka juzi mayi awo. Anamva kukuwako ali pakhomo, matumba n'kugwa pansi, malalanje n'kumwazika. Atalowa m'chipinda anapeza ine nditagwira juzi, mayi awo tsitsi lili nyankhalala, akuloza kumene ndinaima, akukuwa.

"Akuti chiyani?" anandifunsa. Nkhope yawo inali itayera ngati ufa. "Akuti *murdered*? Ndamva bwino?"

Liwu limenelo m'Chingerezi ndi lonena munthu amene wachita kuphedwa. Ndinati sindikudziwa, bambo, amalinena tsiku ndi tsiku.

"Tsiku ndi tsiku? Ndiye inu osandiuza?"

Anapinda mkono wa malaya a mayi awo n'kuona zipsera zakuda pamene ankamenyetsa pachitsulo paja. Ndinafotokoza za chitsulo, ndinafotokoza kuti mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi amachititsa khungu kuda msanga, koma ndinkazimva ndekha kuti mawu anga akumveka ngati a munthu wodziteteza. Anajambula zipserazo ndi foni. Lolemba ndinapeza kamera yakuda itakhala pamwamba pa wodulopu, diso lake litaloza pabedi. Pasanapite masiku, abwana aakazi a kuofesi yathu anandiimbira kuti pabwera dandaulo, ndipo ngati zitaoneka kuti pali nkhanza, lamulo limawakakamiza kuuza apolisi.

Kuti mumvetse mantha anga muyenera kudziwa za azakhali anga. Ndili mtsikana, mwana wina wa m'mudzi mwathu anadwala malungo aakulu, ndipo m'kubwebweta kwake anatchula dzina la azakhaliwo. Mwanayo atamwalira, anthu sanafunse zambiri. Ndinaona ndi maso anga denga lawo likuyaka, iwo akuthawira m'chimanga, mpango utagwa. Anafera kwa eni, ku Balaka, osapondanso kwawo. Ndinakula ndikudziwa kuti wodwala akakuloza chala, palibe pakamwa pako pangakuwombole. Tsopano ndinali ndekha m'dziko la eni, mkazi wakuda, nkhalamba ya chizungu ikundiloza n'kumati yaphedwa.

Ndinasiya kudya. M'basi ndikaona galimoto ya apolisi ikubwera kumbuyo, ndinkangoti ndi ine akufuna. Munthu akagogoda pachitseko cha besimenti ndinkathawira m'bafa. Kuntchito ndinkayenda ngati ndikuponda mazira. Dzanja lililonse limene ndinkatambasulira Mayi Turid, ndinkayamba ndaganiza kuti pakamera lioneka bwanji. Ndipo ndinkadziwa mmene zinkaonekera: mkazi akukoka nsalu pamutu pa nkhalamba, nkhalambayo ikukuwa. Ngakhale ine ndikanakhala woweruza ndikanadzimanga. Lamlungu Chisomo akandifunsa pafoni kuti amama mukudwala kodi, ndinkati ayi, ndi netiweki.

Amake Taonga ndi amene anandikakamiza kulankhula. Anandipeza nditakhala pabedi ndi jekete, nsapato zili kuphazi, tiyi atazizira m'manja.

"Amake Chisomo, manje muzafa na njala apolisi akalibe kubwera? Kambani, ni chani?"

Nditawafotokozera anatulutsa foni yawo. "Iyi imamvela vitundu vonse. Kambani mwamene akambila ambuya aja."

Ndinati *mokeredi*. Foni inalemba za msika. Anaisintha kuti imve Chinorowe, ndinanenanso, inalemba zinthu zopanda mutu. Amake Taonga anayesa okha, akukweza mawu ngati foniyo ndi yogontha, *moderedi, mokoledi, makaradi*, mpaka anzathu a chipinda china anabwera kudzaona ngati tikupemphera m'malilime. Tinaseka, ine misozi ikutsika. Kulemba sitikanatha, poti sitinkadziwa ngakhale lembo loyamba.

"Mvelani," anatero atatopa. "Ngati bazakupitikisani, bazakupitikisani. Koma imwe simunamenye munthu. Mailo kukacha muyende ku nchito mutadya."

Anandiphikira phala, n'kukhala pomwepo mpaka ndinamaliza.

M'mawa wina kunacha bwino, dzuwa likuwala pachipale chofewa mpaka m'khitchini monse munali mbee. Ndinawakhazika Mayi Turid pampando wawo wamatayala pafupi ndi tebulo, ndikuwamwetsa phala la oti. Dzulo lake abwana anali atandiuza kuti kudzakhala msonkhano m'nyumba momwemo, ine, iwo ndi Bambo Paul. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Supuni ili m'manja ndinangoyamba kulira, ndipo ndinawalankhula m'Chichewa, poti Chingerezi sichikanathandiza aliyense wa ife.

"Mayi, ndinakulakwirani chiyani ine? Ndili ndi mwana kumudzi. Mokeredi ameneyu ndani? Mokeredi n'chiyani?"

Anadzutsa mutu msangamsanga. Nkhope imene anandionetsa sindinaionepo chichitireni sitiroko. Inali nkhope ya mphunzitsi amene wamva mwana akulakwitsa.

"*Nei*," anatero. Limenelo ndinkalidziwa, ndi ayi.

Anakankha mbale, n'kumenya tebulo ndi chikhatho chamanzere katatu, pang'onopang'ono, kumenya kulikonse ndi chidutswa chake cha liwu. *Mør. Ke. Redd.*

Ndinapukuta misozi. Ndi mmene ankatiphunzitsira maphatikizo tili sitandade wani, kuwomba m'manja, ba-mbo, a-ma-yi. Ndinamenya tebulo nanenso: mo, ke, re, di.

"*Nei!*" Anagwira dzanja langa pa kumenya kwachinayi, n'kulipanikiza patebulo. Anandionetsa zala zitatu. Maphatikizo atatu, osati anayi. Ife Achewa liwu lililonse timalitsekera ndi a, e, i, o kapena u, sitimalisiya lili pululu. Ndinayesanso, koma *di* uja anatuluka yekha. Anaika chala chawo chozizira pamilomo panga nditangofika pa *redd*, kuti ndilidule pomwepo, lalifupi, ngati wathyola kamtengo kouma.

Phatikizo loyamba ndiye linativuta. Ndikati *mo*, ankapukusa mutu. Ndikati *me*, ankapukusanso. Kenako anandigwira masaya ndi zala, n'kufinya milomo yanga kuti ikhale yozungulira ngati ndikufuna kunena o, iwo n'kumanena e, e, e. Ndinamvetsa: milomo ikhale ya o, lilime likhale la e. Panatuluka kamvekedwe kamene sindinakatulutsepo chibadwire, ngati ng'ombe yaing'ono. Maso awo anawala. Kunatsala kulumikiza *r* ndi *k* popanda kulowetsa kanthu pakati, poti pakamwa panga pankafuna kunena *moroke*. Anandibwerezetsa mpaka phala linauma m'mbale. Mphamvu yonse ankaiika pa phatikizo loyamba, kumenya tebulo kwambiri, enawo n'kumatsatira motsika.

"Mør-ke-redd," ndinatero pomaliza.

"*Ja*," anayankha, akupumira m'mwamba. Kenako anadziloza pachifuwa n'kunena kanthu kena komveka ngati *yai*, n'kubwereza liwu lija motsitsa, akundiyang'ana m'maso ngati akundipempha chinthu. Ine ndinamva ngati akuti iyayi, ndinaganiza kuti akukana zinazake. Tanthauzo sindinalidziwebe. Chimene ndinatola n'chakuti pakati pa liwulo pali *k*, ndipo liwu la Chingerezi la kuphedwa lija lilibe *k*. Ndinachigwira chimenecho ngati munthu wokokoloka ndi madzi wagwira udzu. Ndili m'basi ndinkalinena chamumtima, ndikumenya bondo katatu. Kuliyesanso pafoni ndinaopa. Ndinkati bwanji likatuluka loipa kuposa loyamba lija.

Tsiku la msonkhano tinakhala m'khitchini momwemo, masana, Mayi Turid akuwodzera pampando wawo pabalaza. Abwana anavula magolovesi n'kuyamba kunena kuti pofuna kuteteza aliyense ndiyambe ndaima kaye ntchito mpaka nkhaniyo itafufuzidwa. Bambo Paul sankandiyang'ana. Maso awo anali ofiira, ndipo ndinaona kuti nawonso sankagona. Anatsegula laputopu n'kunena kuti apeza msuweni wawo wa ku Norway, Mayi Marit, mwana wa mng'ono wawo wa Mayi Turid, amene anali asanalankhulane naye zaka zambiri. Anali atamutumizira zimene kamera inajambula.

Pagalasi panaoneka mayi wa tsitsi lalifupi loyera, atavala magalasi. Anati wamvetsera kambirimbiri, koma pakamwa pa mayi ake aakulu papotoka kwambiri ndipo akukuwa, sakutolapo kanthu. Anapepesa. Abwana anayamba kuvalanso magolovesi.

"Ine ndikhoza kulinena," ndinatero. Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana. "Anandiphunzitsa."

Onse anandiyang'ana. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali *mokeredi* yemwe uja. Mayi Marit anapendeketsa mutu, n'kupukusa. Ndinatseka maso, ndinazungulitsa milomo, n'kumenya tebulo katatu monga ankachitira eni ake.

"Mør. Ke. Redd."

Nditatsegula maso ndinaona Mayi Marit atagwira pakamwa.

"Nenaninso," anatero.

Ndinanenanso, ndipo ndinawonjeza kuti asanalinene amadziloza pachifuwa n'kuti *yai*.

"Limenelo ndi *jeg*, ndiye kuti ine," anatero Mayi Marit. Anavula magalasi. "Paul, palibe akuwapha mayi ako. Akunena kuti akuopa mdima."

Anafotokoza pang'onopang'ono, m'Chingerezi chawo chodumphadumpha. Anati kwawo amakonda kulumikiza mawu awiri kukhala limodzi. *Mørke* ndi mdima, *redd* ndi wamantha. Ukawaphatikiza limatuluka liwu lofotokoza munthu, munthu woopa mdima. Ena amameza *e* wapakatiyo n'kungoti *mørkredd*, maphatikizo awiri, koma kubanja kwawo amalinena lonse. Analilemba papepala n'kulionetsa pagalasi, ndipo ndinaona koyamba lembo lija linandivutitsa, o wodulidwa ndi kamzere pakati. Anati kawirikawiri ndi liwu lonenera ana.

"Koma mayi anga saopa mdima," anatero Bambo Paul. "Sanaopepo chilichonse."

Mayi Marit anafunsa ngati mayi awo sanawauzepo za nkhuti ya mbatata. Bambo Paul anati ayi. Ndiye anatiuza zimene anamva kwa mayi ake. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Mayi Turid ali kamtsikana, ndege zoponya mabomba zinabwera masana. Mayi wawo anawatsitsira m'chipinda chokumba pansi chosungiramo mbatata, n'kuwapatsa mng'ono wawo wakhanda kuti amufukate, n'kutseka chitseko chapamwamba, mayiwo n'kuthamanga kukafuna bambo. Khoma linagwera pachitsekocho. Anawafukula mawa lake, mwana akadali m'manja, mawu atatheratu ndi kukuwa. Chiyambire pamenepo sanagonepo popanda nyali. Kubanja konse ankadziwa, ndipo mwamuna wawo ankadziwa.

Bambo Paul anaimirira, n'kupita pawindo, n'kutipatsa msana.

"Getsi la m'khonde," anatero osatembenuka. "Linkayaka usiku wonse, chitseko chawo chili chotsegula. Bambo ankati ndi langa. Ndinakula ndikudziwa kuti wamantha m'nyumba muno ndine."

Ine pamenepo zonse zinandibwerera: makatani, switchi ya pakhomo pamene ndinkaima iwo akuloza, juzi kumaso, thaulo kumaso. Abwana anatsokomola, n'kunena kuti zikuoneka kuti nkhaniyo yatha, akalemba choncho. Anatuluka mwakachetechete.

Kunja kunali kutayamba kuchita kamdima. Bambo Paul anayenda m'nyumba monse akuyatsa magetsi, pabalaza, m'khonde, m'bafa, ngakhale m'chipinda chosungiramo katundu. Kenako anakwera pampando n'kutsitsa kamera ija, chingwe chikulendewera. Anabwera nayo kukhitchini, anaiika patebulo pakati pathu, n'kunena kuti sakudziwa kuti apepese bwanji. Ndinati palibe kanthu, bambo, munkateteza mayi anu. Pakamwa panatero, koma thupi silinamve msanga. Miyezi yambiri pambuyo pake ndikalowa m'chipinda chija maso ankathamangira pamwamba pa wodulopu, ndipo galimoto ya apolisi inkandiumitsabe.

Tinagula majuzi a mabatani. Tsitsi ndinkalipukuta kuchokera kumbuyo. Makatani sanatsekedwenso, ndipo pambali pa bedi panakhala nyali yosazima. Kukuwa kunatha. Nthawi zina madzulo ankalinenabe liwu lija, koma motsitsa, ngati akundikumbutsa, ine n'kuwalozera nyali, iwo n'kugwedeza mutu. Bambo Paul anandipempha kuti ndiwaphunzitse katchulidwe kake. Bambo wa imvi, wa tayi, atazungulitsa milomo m'khitchini, akumenya tebulo. Mayi awo atawamva anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kuwalankhula Chinorowe chambirimbiri, mofatsa, akuwasisita dzanja. Palibe anamva ngakhale liwu limodzi. Bambo Paul ankangoti *ja, ja*, misozi ikugwera patayi.

Patapita zaka zingapo thupi la Mayi Turid linafooka moti ankafunika anthu awiri owanyamula, ndipo anawapititsa kunyumba yosungira okalamba. Ine kampani inkandituma m'makomo ena, apa maola ochepa, apo maola ochepa, mpaka mapepala anga anatha ndipo sanatheke kuwonjezera. Amake Taonga anandiperekeza ku eyapoti atavala yunifolomu yawo, akundikalipira kuti ndisalire pamaso pa anzawo a kuntchito, iwo eni akulira.

Kuno ndinapeza nyumba ya malata itaima, koma Chisomo atandipitirira msinkhu. Anandilandira chikwama, anagwada, anandipatsa moni waulemu wonse ngati mlendo wochokera kumpingo. Akafuna kanthu ankapita kwa achemwali, ndipo ndi iwo amene ankawaitana kuti amayi. Ine ndinali amama a ku Canada. Sindinamukakamize. Tikuzolowerana pang'onopang'ono, masiku ano amabwera kudzakhala pakhonde ndikamasankha nyemba.

Tsiku lina masana ndili kudimba kuthirira tomato, foni inalira, nambala yakunja. Anali Bambo Paul. Anati mayi awo amwalira, mwamtendere, ali m'tulo, ndipo maliro ndi tsiku lomwelo, kwawoko kunali kukucha kumene. Ndinakhala pansi pamzere, ndinapepesa monga timachitira. Koma ndinamva kuti pali china chimene anaimbira, poti ankangopuma pafoni osadula.

"Dzulo anthu a maliro anandiitana kuti ndikawaone mayi komaliza asanatseke bokosi," anatero. "Nditaona chivindikiro chija ndinalephera. Ndinawauza kuti adikire. Ndinapita kusitolo, ndinagula tochi, ndinaiyatsa, n'kuiika m'dzanja lawo lamanzere. Anthu a maliro aja anangondiyang'ana. Sindinauze aliyense, ngakhale mkazi wanga. Ndiuzeni zoona, kodi ndapenga?"

Madzi a m'kheni anali akutayikira pamapazi anga.

"Simunapenge, bambo," ndinatero. "Mabatire munaika atsopano?"

"Atsopano," anayankha. "Ndipo ena ndawaika m'thumba la juzi."